Khobidi Lopanda Nkhope

Chibanja, Mzuzu
14 Januwale 2024

Wongani mwana wanga,

Monire. Kuno tili makola, kaya iwe kozizirako. Mlongo wako Fyness ali bwino, akupitabe ku ntchito kwake ku famase, ndipo akundibisirabe shuga ngati ndine mwana wa sitandade wani.

Khobidi lija lafika Lachinayi, lokulungidwa bwino m'kakatoni monga ndinakuphunzitsira. Yewo chomene. Tsopano akwana makumi awiri ndi atatu. Ili ndi la mfumu Konstansio, ndipo kumbuyo kwake kuli msilikali wa Roma akubaya ndi mkondo mdani amene wagwa pa hatchi. Mawu ozungulira m'mphepete akuti nthawi zabwino zabwerera. Ndinatenga galasi langa lokuzira zinthu n'kukhala nalo pakhonde mpaka Fyness anandiitana katatu, kachitatuko ndi dzina langa lenileni. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinaphunzitsa History ku sekondale, kulemba za Aroma pabolodi mpaka choko kundilowa m'mphuno, osadziwa kuti tsiku lina ndidzagwira ndalama yawo yamkuwa muno m'Chibanja. Matenda osonkhanitsa makobidiwa unandipatsira ndiwe ndi kakhobidi kaja unagula pamsika chaka chako choyamba kumeneko, ndiye usadandaule ndikamakuvutitsa.

Ndalilemba kale m'kaundula wanga: dzina la mfumu, chithunzi chakumbuyo, tsiku lofika, ndi chidindo cha pa envelopu. Wosunga zinthu zakale wopanda kaundula ndi wotola zinyalala chabe.

Mdani wanga ndi mvula ya kuno. Makobidi awiri ayamba kutuluka ufa wobiriwira umene umadya mkuwa. Tangoganiza, zinthu zagona m'nthaka zaka 1,600 zili bwinobwino, Mzuzu akufuna kuzimaliza m'miyezi itatu. Ndawatsekera m'botolo la mpunga wouma. Mlongo wako akuti mpunga wa Kilombero sunalimidwire Aroma, koma ndamugonjetsa.

Tsopano nkhani yaikulu. Unati mwambo wolandira digiri yako yachiwiri uli mu Julayi. Ndikubwera, ndipo usanditsutse. Amayi ako akanakhala moyo akanapita okha, ine n'kutsala kulondera nkhuku, ndiye ndikupita m'malo mwa anthu awiri. Fomu ya pasipoti ndadzaza kale. Sande yatha ndinalengeza ku tchalitchi, anthu anaomba m'manja, kupatula a Solomon Nyirenda amene anaomba mochedwa, paja mwana wawo anathera pa dipuloma.

Unditumizire tsiku lenileni la mwambowo. Ukapezanso lina la mkazi wamapiko uja wonyamula nkhata ya opambana, usalisiye. Foni yako ndimaiyesa koma imangolira. Zilibe kanthu, pa foni anthu amangofunsana za nyengo.

Adada ako,
McDonald Longwe

*

Swindon
9 Febuluwale 2024

Adumbu a Fyness,

Monire. Ndikhulupirira muli makola. Kalata iyi ndaitumiza ku famase dala, musapite nayo kunyumba.

Ya adada yandipeza dzulo. Wanditumizira ndi Joel, mnzanga wa ku Leeds, chifukwa adiresi imene mumalemberako ija ndi yake, si yanga. Ndaiwerenga katatu.

Kulibe graduation, adumbu. Sukulu ndinasiya zaka ziwiri zapitazo. Ndinalephera mayeso, ndinabwereza, ndinalepheranso, kenako mapepala ondilola kukhala kuno anatha. Ntchito imene ndikugwira ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Kumene anditumiza ndimapita, miyezi iwiri uku, itatu uko, ndi chikwama chimodzi. Pano ndili ndi mdala wina amene ndimamumeta, kumusambitsa, kumudyetsa phala, ndipo m'mawa uliwonse amandifunsa kuti ndine ndani. Masiku ena ndimachedwa kumuyankha.

Makobidi aja ndimagula chifukwa pa zonse zimene ndimatumiza kwathu, ndi okhawo amene si abodza. Kuno alipo ambirimbiri, anthu amawafukula m'minda. Ndikakhala pansi kuti lero ndilembe zoona, ndimangozindikira ndagula khobidi lina, ndalikulunga, ndalemba kuti zonse zikuyenda. Adada amasangalala, ine ndimapuma mwezi umodzi. Ndakhala ndikuchita zimenezi mpaka ndinayamba kuiwala kuti Julayi amene ndinatchula uja adzafikadi.

Chonde muwaletse za pasipoti. Muwauze kuti dokotala wakana ulendo wautali, kapena chilichonse chimene mungaganize. Koma zoona zake musawauze. Mukuwadziwa adada. Ndi munthu amene anandibwezera lipoti la ku sukulu osalisaina chifukwa ndinakhala nambala 2. Ndidzawauza ndekha ndikapeza mawu ake.

Musandiuze zobwera kwathu. Ndikatuluka m'dziko muno sadzandilolanso kulowa, ndipo ndifika bwanji pa Chibanja patatha zaka zisanu ndi chikwama chimodzi chomwe ndinachoka nacho? Ndili ndi mantha, adumbu. Mundithandize.

Mlongo wanu,
Wongani

*

Mzuzu
3 Malichi 2024

Wongani,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino, koma ukanakhala pafupi ukanalawa patapata wanga.

Zaka ziwiri! Ine ndikuyenda m'tauni muno mapewa m'mwamba, makasitomala akundifunsa za mlongo wanga wa ku yunivesite, ine n'kumayankha ngati ndikudziwa kanthu.

Wati ndiwaletse. Unayamba wawaletsapo chinthu adada iwe? Za dokotala ndinayesa. Tsiku lomwelo anapita okha kukayezetsa BP, anabwera ndi kapepala n'kukamata pa filiji kuti ndizikawerenga ndikamatenga mkaka. Zithunzi za pasipoti ajambulitsa kawiri chifukwa pa zoyamba tayi inapendama. Suti ili kwa telala ku Masasa, ndipo amakaizonda Lachiwiri ndi Lachisanu ngati m'bale wogonekedwa ku chipatala. Munthu sakukhazikika m'nyumba muno. Akakhala pampando mphindi zisanu adzuka, akaone kalendala, abwerere, adzukenso.

Dzana ndinawapeza akuyeza bokosi la makobidi m'sutikesi. Akuti apita nalo kuti akawaonetse aphunzitsi ako, adziwe kuti ku Mzuzu nakonso kuli anthu owerenga. Ayamba ndi kukonzekera zokalankhula. Ndimawamva kubafa akuyeserera Chingelezi chawo cha pa Sande: “My son has always been a serious boy.” Ine ndili kukhitchini kalata yako ili m'chikwama, ndikungoti Ambuye ndithandizeni.

Usaganize kuti sindinalire. Ndikaganiza kuti ukumeta abambo a eni ake uku ako ndikuwawenga zikhadabo ndine, mtima umandiwawa pawiri, chifukwa cha iwe komanso chifukwa cha iwo. Kulephera mayeso si mlandu, Wongani. Koma kunama m'malo mwako sindipitiriza. Iwe umanama kamodzi pamwezi papepala, ine ndikunama katatu patsiku pa tebulo, akundiyang'ana m'maso.

Ndakupatsa mpaka Pasaka. Ukapanda kuwalembera, ndiwauza ndekha. Ndipo uziyankha foni, ngakhale kungopuma chabe kuti ndidziwe kuti uli moyo.

Fyness

*

Leeds
18 Malichi 2024

Adada,

Monire. Ndasangalala kumva kuti muli makola ndiponso kuti khobidi la Konstansio linakukondweretsani. Ine ndili bwino, kungoti zochita zachuluka.

Ulendo uno ndatumiza la mtundu wina. Ndi losatsuka, lili monga linatulukira m'nthaka, dothi louma gwa mbali zonse ziwiri. Ngakhale wogulitsayo sakudziwa kuti pansi pake pali mfumu iti. Paja munkanena kuti mukufuna limodzi loti mulitsuke nokha, mukhale woyamba kuona nkhope yake chigwereni m'dothi. Ndi limeneli. Musafulumire nalo, akuti lotere limafuna masabata ambiri.

Ndili ndi nkhani yofunika kukuuzani, koma tiyeni tichite chonchi: mukaiona nkhope ili pa khobidilo mundilembere, ine ndikuuzani zonse. Tsiku la mwambo sanatipatsebe. Za pasipoti muyambe mwadikira pang'ono.

Mupereke moni kwa adumbu. Muwauze kuti ndalemba monga ananenera.

Mwana wanu,
Wongani

*

Chibanja, Mzuzu
21 Epulo 2024

Wongani mwana wanga,

Monire. Tili makola, kungoti kwayamba kuzizira ndipo mawondo anga ayamba kulosera nyengo kuposa a pa wailesi.

Wandipatsa ntchito, mnyamata iwe. Khobidi lako likukhala m'kapu ya madzi a mvula amene ndimasintha m'mawa uliwonse, a pampopi ayi chifukwa ali ndi mankhwala. Ndikalivuula ndimalipala pang'onopang'ono ndi kansungwi kosongola. Chitsulo sichiyandikira. Fyness anati tingolikwecha ndi waya wotsukira mapoto tithane nazo, ndinamuuza kuti tsiku limene adzalikhudze ndi tsiku limene adzasamuke. Masabata atatu apita, ndangofika m'mphepete. Lachisanu ndinaona ngati mphuno, ndinakuwa mpaka agalu a kwa aneba anayankha, koma linali dothi.

Nkhani yako yobisayo ndaitulukira kale, usamanditenge ngati wogona. Ndi mkazi. Mnyamata akasiya kuyankha foni, makalata n'kufupika, sipakhalanso china. Ngati ndi mzungu zilibe kanthu, bola azidziwa kupereka moni kwa akuluakulu. Fyness ndikamufunsa amadzuka kukatsuka mbale zotsuka kale, ndiye ndadziwa kuti mwapangana. Chabwino, sungani chinsinsi chanucho, ndikamuona ndekha mu Julayi. Ndauza telala awonjezere kathumba ka mpango pa jekete.

Wati ndidikire za pasipoti. Kudikira ndadikira zaka zisanu, kwakwana. Pasipoti yatuluka, ili pansi pa Baibulo. Tsopano akuti pakufunika kalata yochokera ku sukulu yako yondiitana, kuti ndikapemphe viza ku Lilongwe. Tumiza msanga. Masiku akutha, ndipo anthu a maofesi sadziwa kuti munthu ali ndi suti yomudikira.

Ndikuuze zoona, mtima sukukhala pansi. Ndikatenga buku ndimawerenga tsamba limodzi kanayi. Ndimapita kukaona khobidi m'kapu ngati lingasungunuke dothi ndikaliyang'anitsitsa. Ndikudziwa kuti kufulumira kumawononga, ndinkawauza ana a sukulu zomwezo, koma dzulo kansungwi kanathyoka m'manja chifukwa chokanikiza. Ndakusowa chomene, ndi nkhani yake imeneyo. Usauze mlongo wako kuti ndalemba zimenezi.

Adada ako,
McDonald Longwe

*

Mzuzu
19 Meyi 2024

Wongani,

Adziwa.

Pasaka inadutsa ndisanawauze, ngakhale ndinalumbira. Ndinkati ndikatsegula pakamwa, n'kuwaona ali pakhonde ndi kansungwi kawo akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, mawu ankabwerera. Unandichenjerera ndi khobidi lakolo, ndipo ndinakulola.

Lachitatu lapitali dothi lomaliza linachoka. Wongani, khobidi lija lilibe kanthu. Mbali zonse ndi losalala ngati batani. Akuti nkhope inafufutika m'manja mwa anthu kalekale lisanagwe n'komwe m'nthaka. Analitembenuza kangapo pansi pa galasi, kenako anaseka, akuti masabata asanu ndi awiri atsukira chivindikiro cha botolo. Sanakhumudwe kwenikweni. Anatenga kaundula kuti alilembe monga amachitira ndi onse. Pa dzina la mfumu anajambula kamzere. Pa chithunzi chakumbuyo, kamzere. Chinatsala n'chidindo cha pa envelopu basi. Anatenga envelopu, anaiyang'ana, analemba kuti Bristol.

Ine ndinali ndikusita pomwepo. Ndinaona chala chawo chaima, kenako chayamba kukwera m'danga limenelo mzere ndi mzere. Swindon, Swindon, Glasgow, Glasgow, Glasgow, Bristol kachiwiri. Anatembenuza tsamba. Leeds womaliza anali wa zaka ziwiri zapitazo. Zonsezi analemba okha ndi dzanja lawo, koma nthawi zonse maso amakhala pa mafumu.

Anandifunsa osatembenuka kuti, “Fyness, kodi sukulu ya mlongo wako ili ndi mateyala?”

Ndinazimitsa simbi n'kuwauza zonse, kuyambira mayeso mpaka mdala wa ku Swindon.

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangofunsa chinthu chimodzi, kuti kodi umadya mokwanira. Ndinati sindikudziwa. Anatseka kaundula n'kulowa kuchipinda.

Chiyambire tsiku limenelo amadzuka m'mawa, kuvala jekete, kuyenda wapansi mpaka ku Lupaso n'kubwerera, osalankhula ndi munthu. Akafika amamwa madzi n'kutulukanso. Suti anakaitenga kwa telala, yapachikidwa kuseri kwa chitseko m'pulasitiki yake. Bokosi la makobidi sanalitsegule. Lero sanapite ku tchalitchi, koyamba chimwalirireni amama, ndipo azimayi a kwaya andizungulira panja kufunsa kuti ndege ndi ya liti. Ndawauza kuti adada ali ndi chimfine. Ukuona, ndikunamabe.

Sindikudziwa chimene akuganiza ndipo ndili ndi mantha. Lemba, Wongani. Usatumize khobidi, lemba.

Fyness

*

Bristol
2 Juni 2024

Adada,

Monire. Adiresi ili kuseri kwa envelopuyi ndi yoona, ndi kumene ndikukhala mpaka mwezi wamawa.

Zonse zimene adumbu akuuzani n'zoona. Sindinkadziwa kuti khobidilo n'lopanda kanthu, ndinkangofuna masabata owonjezera. Pepani chomene. Ndalemba kalata iyi kasanu, ndipo nthawi zonse ikumatalika ndi zifukwa, ndiye zifukwazo ndazichotsa. Ndinalephera, ndinaopa, ndinanama.

Kudya ndimadya.

Mukafuna kuti ndisakulembereninso, ndimva. Kwathu sindibwera kudzakuchititsani manyazi pamaso pa anthu amene munawalengezera. Mungowauza kuti mwambo wasinthidwa ndipo ndapeza ntchito kuno. Pakapita nthawi aiwala, inu muzidzayenda bwinobwino m'Chibanja ngati kale.

Mwana wanu,
Wongani

*

Chibanja, Mzuzu
30 Juni 2024

Wongani,

Monire. Kalata yako ndinailandira pa 14. Aka n'koyamba m'zaka ziwiri kuti zimene zili pamwamba pa kalata zigwirizane ndi chidindo.

Ndakwiya, ndipo ndikhala wokwiya kwa kanthawi, uzidziwiretu. Si za mayeso. Ine ndalepheretsapo ana mazanamazana, ambiri a iwo lero amandiimbira hutala ali m'magalimoto awo ine ndili wapansi. Ndakwiya chifukwa zaka ziwiri unali wekha ndi chikwama m'nyumba za eni, ine ndili pakhonde kusirira mafumu akufa.

Ndadzikwiyiranso ndekha, ndipo kumeneko ndiye kukuwawa. Ndine amene ndinkaphunzitsa ana kuti Aroma ankasula ndalama zolengeza kupambana ngakhale pamene zinthu zinkawapulumuka m'manja. M'bokosimu ndili ndi atatu a mfumu Valensi, onse ali ndi mkazi wamapiko uja ndi nkhata yake, chonsecho mwini wakeyo anathera kunkhondo, mtembo wake osapezeka. Zimenezi ndinkazidziwa za munthu wakufa zaka 1,600 zapitazo. Za mwana wanga, amene ankanditumizira uthenga wa kupambana mwezi ndi mwezi, sindinafunse n'kamodzi komwe. Zinkandikomera, ndiye sindinafunse.

Wati ndiuze anthu kuti wapeza ntchito. Wachedwa. Pa 16 ndinavala suti ija, poti inasokedwa kale, n'kupita ku tchalitchi. Nthawi ya zolengeza ndinaimirira pamalo pomwe ndinaimirira mu Januwale. Ndinati, “Abale, ulendo uja kulibe. Mwana wanga Wongani digiri sanapeze. Analephera kawiri, pano akusamalira okalamba ku England, ndipo ankaopa kundiuza chifukwa ndine bambo wovuta.” Fyness anaweramitsa mutu, ndipo ndinaona kuti akulira. Kenako mlembi anawerenga za msonkhano wa amayi, mapemphero n'kupitirira.

Potuluka a Solomon Nyirenda anandiperekeza mpaka pageti pathu. Posiyana anati mwana wawo wamkulu amene ali ku Joni watha zaka zinayi osamveka, ndiye ine ndithokoze kuti wanga ali ndi adiresi. Ndinachita manyazi ndi mmene ndinkawaonera.

Anthu alankhula, usaganize kuti sanalankhule. Sabata yoyamba ndinkati ndikafika pamsika nkhani zinkaduka pakati. Wina anandifunsa ngati sutiyo ndikugulitsa. Sabata yachiwiri makala anakwera mtengo, onse atembenukira kumeneko. Ndiye manyazi amene ukuti ungandichititsewo ndadya kale ndekha, ndatsuka ndi mbale yomwe. Sindinakusiyireko.

Ndikudziwa kuti ukatuluka m'dzikomo sadzakulolanso kulowa. Ndaganizira zimenezo masiku onse amene ndakhala ndikupondaponda msewu wa ku Lupaso, ndipo yankho langa ndi lakuti tuluka. Umuuze bwino mdala amene ukumusamalirayo, usamuthawe, apeze wina. Chochita kuno tidzachiona uli pano, sindikulonjeza kuti n'chophweka.

Usagulenso khobidi, makumi awiri ndi anayi akwana. M'chipinda chako Fyness wachotsamo matumba a chimanga. Mabasi ochokera ku Lilongwe amafika masana. Undilembere tsiku lokha, mawu ena usavutike nawo. Ndidzakhala pa depoti kuyambira m'mawa, paja sinditha kukhala pansi.

Adada ako